Momwe gulu la ophunzira lingasankhire ganizo limodzi loti lipange pa pulojekiti ya uinjiniya

Ophunzira asanu apatsidwa masabata anayi kuti amange mlatho wa timitengo ndi guluu, wodutsa mpata wa masentimita 50, woti usenze katundu wa makilogalamu 5 osathyoka. Tsiku loyamba lisanathe, aliyense ali kale ndi ganizo lake. Wina akufuna mlatho wathyathyathya chifukwa suvuta, wina akufuna wopindika ngati uta chifukwa umakongola, wina waona chithunzi cha mlatho wa zitsulo zolumikizana m'makona atatu ndipo sakufunanso kumva zina. Zomwe zimachitika m'magulu ambiri zimadziwika. Wolankhula mokweza, kapena amene amakhoza masamu m'kalasi, ndiye amapambana. Enawo amangoti "chabwino, tiyeni," koma mtima wachoka kale pa ntchitoyo, ndipo pofika sabata yachitatu otsala pa ntchito ndi anthu awiri.

Malangizowa ndi a ophunzira komanso aphunzitsi owayang'anira, ndipo onse atsamira pa mfundo imodzi: gwirizanani kaye za muyeso musanayambe kukambirana kuti ganizo labwino ndi liti. Nditsatira chitsanzo cha mlathowu, koma njira yake ndi yomweyo kaya mukupanga chosefera madzi, kagalimoto koyendera mabatire, kapena chowumitsira zinthu ndi dzuwa.

Choyamba: lembani vuto ndi malire ake

Musanajambule kalikonse, lembani chiganizo chimodzi chonena chomwe mwafunsidwa kupanga, ndipo aliyense achiwerenge mokweza. Mudzadabwa kuona kuti anthu asanu omwe anamva malangizo amodzi a mphunzitsi anamva zinthu zosiyana.

Kenako gawani zofunika za ntchitoyo pawiri. Mbali imodzi ikhale ya zinthu zosakambirana: kutalika kwa mpata, katundu woyenera kusenzedwa, zipangizo zololedwa, tsiku lopereka ntchito. Ganizo lomwe laphwanya chimodzi mwa izi lachoka, ngakhale litakongola bwanji. Mbali inayo ikhale ya zinthu zomwe mungakonde zitakhalapo, ndipo izi ndi zomwe mudzafananitsire maganizo otsalawo.

Werengani mosamala momwe malikisi adzaperekedwere. Pa mipikisano ina ya milatho sapatsa mphoto mlatho wosenza katundu wochuluka, amagawa kulemera kwa katunduyo ndi kulemera kwa mlatho weniweniwo. Zikakhala choncho, mlatho wopepuka wosenza pang'ono ukhoza kugonjetsa chimlatho cholemera chomwe mwathirapo timitengo tonse. Chiganizo chimodzi cha pa pepala la mphunzitsi chingasinthe chisankho chanu chonse.

Chachiwiri: gwirizanani za muyeso maganizo asanaikidwe poyera

Apa ndiye pagona nkhani. Munthu akakhala kuti wanena kale ganizo lake pagulu, amayamba kusankha miyeso yolikomera, ndipo nthawi zambiri sachita dala. Mwini mlatho wa uta adzakuuzani kuti maonekedwe ndi ofunika kwambiri. Mwini wathyathyathya adzati chachikulu ndi nthawi. Onse akunena zoona pang'ono, ndiye mkangano wake sutha. Mukagwirizana za miyeso aliyense asanadziwe kuti idzakomera ndani, palibe amene angadzanene kuti munamukhotetsera sikelo.

Miyeso ikhale inayi, isanu kapena isanu ndi umodzi. Ikapitirira apo mumatopa, n'kuyamba kungolemba manambala kuti mumalize. Muyeso uliwonse ukhale woti mukhoza kuuyeza kapena kuuwerenga. "Mlatho wabwino" si muyeso. "Kuchuluka kwa malo olumikiza ndi guluu" ndi muyeso, chifukwa mukhoza kuwerenga malowo pa chojambula. Samalaninso kuti musalembe chinthu chimodzi kawiri ndi mayina osiyana. Mukalemba "kulimba" kenako "kusathyoka msanga," ndiye kuti kulimba mwakupatsa mavoti awiri osadziwa.

Miyeso siilemera mofanana, choncho ipatseni kulemera. Njira yosavuta ndi iyi: aliyense ali ndi mapointi 10 oti awagawe pa miyesoyo, payekha, pa kapepala kake. Mukatero fananitsani. Pomwe mwagwirizana musatayepo nthawi. Pomwe wina wapereka 5 ndipo wina 1, imani pamenepo mufunsane zifukwa, chifukwa kawirikawiri mmodzi wa awiriwo akudziwa chinthu chomwe enanu simukuchidziwa. Tinene kuti gulu lathuli lamaliza motere: kulimba 4, nthawi yomangira 3, kusawononga zipangizo 2, maonekedwe 1. Lembani manambalawa pamalo pooneka, ndipo musawakhudzenso mpaka mtsogolo muno pomwe ndidzanene.

Chachitatu: aliyense aganize payekha, ali chete

Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga, ndipo ndi zoona, koma mitu isanu ikamangotsatira mutu umodzi, dengalo lasenzedwabe ndi munthu mmodzi. Mu 1951 katswiri wa za maganizo a anthu, Solomon Asch, anachita kafukufuku ku America yemwe wophunzira aliyense ayenera kumudziwa. Ankaika munthu mmodzi pakati pa anthu ena omwe anali atawapangira kale zoyankha, n'kuwaonetsa mizere pa makadi kuti anene mzere wofanana kutalika ndi wina. Yankho linali loonekeratu. Koma anzakewo akapereka dala yankho lolakwika, pafupifupi anthu atatu mwa anayi alionse anatsatira gulu kamodzi kapena kangapo. Chinanso chomwe Asch anapeza n'chakuti pakakhala munthu mmodzi yekha wonena zoona, kutsatira gululo kunkachepa kwambiri. Ngati anthu amagonja pa kutalika kwa mzere, nanga bwanji pa mlatho womwe palibe amene akudziwa ngati ulimbe?

N'chifukwa chake maganizo asamayambe ndi kukambirana. André Delbecq ndi Andrew Van de Ven anafalitsa mu 1971 njira yomwe magulu ambiri amaigwiritsa ntchito mpaka lero, ndipo dongosolo lake ndi losavuta. Aliyense amalemba maganizo ake ali chete. Kenako mumazungulira, munthu aliyense kunena ganizo limodzi pa ulendo umodzi mpaka onse atatha. Pa nthawi imeneyi palibe kutsutsa. Mafunso amabwera pambuyo, ndipo kusankha kumachitika aliyense payekha.

Kwa ophunzira ndingawonjeze zinthu ziwiri. Perekani mphindi 10 kapena 15 zojambula, ndipo aliyense abweretse maganizo osachepera awiri, chifukwa munthu wa ganizo limodzi amalimenyera nkhondo ngati mwana wake. Komanso zojambula zonse zijambulidwenso ndi munthu mmodzi, pa mapepala ofanana, popanda mayina. Ganizo lofooka lojambulidwa mwaluso limakopa maso kuposa ganizo lamphamvu lojambulidwa mothamanga. Kuyambira pamenepa tchulani maganizo ndi maonekedwe ake, monga "wa makona atatu" kapena "wa uta." Mawu akuti "ganizo la uje" asamvekenso, chifukwa kukana ganizo lotchulidwa dzina la munthu kumamveka ngati kukana munthuyo.

Chachinayi: chepetsani

Mukhoza kukhala ndi zojambula khumi kapena kuposa. Chotsani zophwanya malire osakambirana aja, phatikizani zofanana, ndipo ngati zatsalabe zambiri, aliyense alembe mwachinsinsi zitatu zomwe akufuna zipitirire. Tengani zitatu kapena zinayi zotchulidwa kwambiri. Voti iyi ndi yongosesa, siyosankhira wopambana. Zojambula zotsalira musataye.

Chachisanu: fananitsani ndi ganizo limodzi loyezerapo

Stuart Pugh, yemwe ankaphunzitsa uinjiniya pa University of Strathclyde ku Glasgow, anatchukitsa m'zaka za m'ma 1980 njira yomwe lero imatchedwa ndi dzina lake. Ubwino wake ndi woti siifuna kuti mudziwe manambala enieni, omwe pa nthawi imeneyi mulibe.

Jambulani tebulo pa bolodi. Miyeso itsike kumanzere, maganizo ayale pamwamba. Sankhani ganizo limodzi likhale loyezerapo, makamaka losavuta lomwe aliyense akulimvetsa, monga mlatho wathyathyathya. Tsopano pa muyeso uliwonse funsani funso limodzi lokha: kodi ganizo ili likuposa loyezerapo lija, likuchepera, kapena n'chimodzimodzi? Likaposa lembani +, likachepera lembani −, likafanana lembani 0. Yendani muyeso umodzi pa maganizo onse musanapite pa muyeso wina. Mukayenda ganizo limodzi pa miyeso yonse, chikondi chanu pa ganizolo chimadontha mzere wonse.

Chizindikiro chilichonse chikhale ndi chifukwa chomwe munganene pakamwa. Wa makona atatu alandira + pa kulimba chifukwa makona atatu sasintha maonekedwe pokhapokha mbali imodzi itatalika kapena kufupika, pamene makona anayi amapendekeka mukawakankha pakona. Alandira − pa nthawi chifukwa malo olumikiza ndi ambiri, ndipo palipose guluu afunika kuuma musanapitirire. Wa uta ali ndi vuto lomwe ambiri saliona pa pepala: uta ukasenza katundu umakankhira kunja kumapeto kwake konse kuwiri, ndiye ngati malamulo sakulola kumangirira mlatho ku tebulo, mufunika chingwe kapena kamtengo kogwira mapeto awiriwo kuti asatambasuke.

Ophunzira ambiri amawerenga ma + ndi ma − n'kunena kuti tapeza wopambana. Pugh sankafuna kuti tebulo lake lithere pamenepo. Ankafuna kuti anthu ayang'ane pomwe pali − n'kudzifunsa ngati angapachotse pobwereka mphamvu ya ganizo lina. Kodi wa makona atatu sangakhale ndi makona ochepa koma aakulu, kuti malo olumikiza achepe? Kodi wathyathyathya sangalimbe mukaika makona atatu m'mbali mwake mokha? Nthawi zambiri ganizo lomwe gulu limamanga pamapeto silinali pa pepala la munthu aliyense poyamba paja. Ganizo latsopano likabadwa, liwonjezeni pa tebulo, sinthani loyezerapo, bwerezani.

Chachisanu ndi chimodzi: tebulo la malikisi, ndi momwe lingakunamizireni

Maganizo atatu amphamvu akatsala, bweretsani kulemera kuja munagwirizana. Perekani malikisi kuyambira 1 mpaka 5 pa muyeso uliwonse, aliyense payekha kaye, kenako chulukitsani malikisi ndi kulemera kwa muyesowo, n'kuphatikiza.

Tinene kuti wa makona atatu wapeza 5 pa kulimba, 3 pa nthawi, 3 pa zipangizo, 3 pa maonekedwe. Ndiye 20, 9, 6 ndi 3, pamodzi 38. Wa uta wapeza 4, 2, 4 ndi 5, zomwe zikupereka 16, 6, 8 ndi 5, pamodzi 35. Wathyathyathya wapeza 2, 5, 4 ndi 2, ndiye 8, 15, 8 ndi 2, pamodzi 33. Wa makona atatu watsogola.

Musafulumire kusangalala. Ino ndiyo nthawi yokhudzanso kulemera kuja, osati kuti mukusinthe, koma kuti muone ngati chisankho chanu chaima pa miyendo iwiri. Chotsani pointi imodzi pa kulimba muiike pa nthawi, kulimba kukhale 3 ndipo nthawi 4. Wa makona atatu tsopano ali ndi 36, wa uta 33, ndipo wathyathyathya 36. Pointi imodzi yokha yafananitsa woyamba ndi womaliza. Izi zikukuuzani kuti funso lenileni la gulu lanu ndi lakuti: kodi masabata anayi akwanira kumanga wa makona atatu? Tebulo silingayankhe zimenezo. Manambala ake anachokera m'mitu mwanu, ndipo kusiyana kwa mapointi awiri kapena atatu pa 50 n'kochepa kwambiri moti simungakudalire. Ntchito ya tebulo ndi kukulozerani pomwe simukudziwa.

Chachisanu ndi chiwiri: yesani ndi manja

Pomwe tebulo lakulozerani, siyani kulankhula. Tengani tsiku limodzi kapena awiri mupange tizitsanzo tating'ono, toyipa maonekedwe, tongoyankha funso limodzi. Ngati nkhawa ndi nthawi, lumikizani makona atatu awiri okha muyeze kuti guluu akuuma pakatha nthawi yaitali bwanji, kenako chulukitsani ndi kuchuluka kwa malo olumikiza. Ngati nkhawa ndi kulimba, ikani kamtengo kamodzi pakati pa matebulo awiri, pachikani kachidebe pakati, muzithiramo madzi pang'onopang'ono. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, ndiye simufunika sikelo. Mudzaonanso ndi maso anu kuti kamtengo kowonda kamapirira kwambiri kakamakokedwa, koma kakamapanikizidwa kuchokera kumapeto kamapindika msanga, makamaka kakakhala kakatali.

Kwa ine gawo ili ndi lomwe limasiyanitsa pulojekiti ya uinjiniya ndi mtsutso wa m'kalasi, ndipo zimandipweteka kuona magulu akulidumpha poopa kuwononga zipangizo. Timitengo tisanu tothyoka sabata yoyamba n'tochepa poyerekeza ndi mlatho wonse wothyoka tsiku lomaliza. Mukamaliza, konzani malikisi a pa tebulo mogwirizana ndi zomwe mwayeza.

Chachisanu ndi chitatu: tsekani nkhani

Kawirikawiri pofika apa gulu lagwirizana lokha. Ngati silinatero, votani, koma dziwani msampha wa voti yokweza dzanja kamodzi. Taganizirani gulu la anthu asanu ndi awiri: atatu akufuna wathyathyathya, awiri akufuna mtundu wina wa makona atatu, awiri akufuna mtundu winanso wa makona atatu. Wathyathyathya wapambana ndi mavoti atatu, chonsecho anthu anayi amafuna makona atatu. Maganizo ofanana amagawana mavoti n'kugwera limodzi.

Katswiri wa masamu wa ku France, Jean-Charles de Borda, anapereka njira yochepetsera vutoli mu 1770. Aliyense amandandalika maganizo onse kuyambira lomwe walikonda kwambiri. Pa maganizo atatu, loyamba lilandira mapointi 2, lachiwiri 1, lomaliza 0, ndipo muphatikiza za anthu onse. Njirayi imakweza ganizo lomwe anthu ambiri angakhale nalo mwamtendere, ngakhale silinali loyamba kwa onse. Kufooka kwake n'kwakuti munthu wochenjera akhoza kuika dala pamapeto ganizo lopikisana ndi lake, choncho votani mwachinsinsi ndi mokhulupirika.

Wopambana akadziwika, chitani zinthu ziwiri musanabalalike. Poyamba onse akweze zala nthawi imodzi: zisanu ndi kuvomera ndi mtima wonse, zitatu ndi kunena kuti sindinalikonde kwambiri koma ndigwira ntchito, nkhonya ndi kunena kuti ndikuona vuto lalikulu. Wokweza nkhonya apatsidwe mphindi zingapo afotokoze, osamudula mawu.

Musamuone ngati wosokoneza. Pomwe bungwe la ku America loona za maulendo a mumlengalenga, la NASA, linkakonza ulendo wa kumwezi, akuluakulu ambiri ankafuna kutumiza chombo chachikulu molunjika, kapena kulumikiza zigawo za chombo chikuzungulira dziko lapansi. Injiniya wina wa ku malo a kafukufuku a NASA otchedwa Langley, John Houbolt, ankalimbikira njira yomwe ambiri ankaiona ngati yoopsa: chombo chachikulu chitsale chikuzungulira mwezi, kachombo kakang'ono kokha katsike, kenako kabwerere kukakumana nacho. Masamu ake ankaonetsa kuti njirayi imachepetsa kwambiri kulemera kwa katundu woti anyamulidwe. Mu 1961 analembera kalata mmodzi wa akuluakulu a bungwelo, Robert Seamans, modumpha mabwana ake. NASA inasankha njira yakeyo mu 1962, ndipo ndi yomwe Apollo 11 inagwiritsa ntchito mu 1969. Chomwe chinamupulumutsa Houbolt ndi manambala omwe ena ankatha kuwawerenga okha. Wotsutsa wa m'gulu lanu mumufunse zomwezo: tionetse pa pepala kapena pa kachitsanzo.

Chinthu chachiwiri choti muchite musanabalalike ndi masewero aafupi omwe katswiri wa za maganizo Gary Klein anawafotokoza mu 2007. Yerekezani kuti tsiku lopereka ntchito lafika ndipo mlatho wanu wathyoka. Aliyense alembe payekha chifukwa chomwe wathyokera. Anthu omwe amaopa kunena kuti "ndikukayika" samavutika kunena kuti "unathyoka chifukwa guluu sanaume." Zifukwa ziwiri kapena zitatu zotchulidwa kwambiri muzikonzere njira yozipewera nthawi yomweyo.

Chomaliza: lembani, ndipo nenani chomwe chingakubwezeni

Mlembi wa gulu alembe tsamba limodzi: ganizo losankhidwa, miyeso ndi kulemera kwake, tebulo, zotsatira za kuyesa kuja, ndi ganizo lomwe linakhala lachiwiri. Tsambali lidzalowa mu lipoti lanu, ndipo aphunzitsi ambiri amapereka malikisi pa zifukwa za chisankho, osati pa chomangidwa chokha. Gawanani ntchito tsiku lomwelo, ndipo amene ganizo lake silinasankhidwe apatsidwe gawo lolemera, monga kuyang'anira kuyesa, popeza maso ake ndi omwe adzaone zofooka msanga.

Aphunzitsi, yesetsani kusanena lomwe mwalikonda. Mukangoyang'ana chojambula chimodzi nthawi yaitali kuposa zinzake, voti yatha. Funsani mafunso okha: mwadziwa bwanji, mwayeza chiyani, chingasinthe maganizo anu n'chiyani.

Pansi pa tsambalo lembani chinthu chimodzi kapena ziwiri zomwe zikachitika mudzatsegulanso nkhaniyi, ndipo muike tsiku. Mwachitsanzo: ngati pofika mapeto a sabata yachiwiri mbali imodzi ya mlatho siinamalizike, kapena ngati mbali yoyamba yathyoka ndi katundu wosakwana makilogalamu 2, tisamukira ku ganizo lachiwiri. Kupatula pa zifukwa zimenezo, nkhani ya kusankha isabwerenso pa msonkhano uliwonse. Aliyense asainire pansi pake.